Makiyi Atatu a Ba Petros

Izi musakauze munthu, chifukwa inenso sindinayenera kuzimva. Lachitatu lija anandithamangitsa m'kalasi ati ndikuchita phokoso, chonsecho wolankhula anali Elesi, ine ndimangoyankha. Ndiye ndinakakhala pansi pa windo la labu, lija lopanda galasi. M'katimo munali anthu awiri: Madamu Mwape, amene amatiphunzitsa sayansi ife a Giredi 8, ndi ba Petros, mdala wosunga labu, uja amayenda ndi makiyi atatu m'khosi pa chingwe cha nsapato.

Sayansi yathu ndi yophatikiza: Bayoloje, Kemisitiri ndi Fizikisi, zonse m'buku limodzi. Kale aphunzitsi atatu ankagawana bukulo, aliyense masamba ake. Wa Kemisitiri anapuma pa ntchito, wa Fizikisi anathawira ku sukulu ya pulaiveti, buku lonse n'kugwera Madamu, amene anangobwera mu Januwale. Tsikulo teni koloko kumabwera ba insipekita kudzaona mmene amaphunzitsira. Kuno ku komboni ya George nkhani sibisika, tonse tinkadziwa kuti ba hedi anawauza kuti phunzirolo likakanika, awatumiza ku sukulu yakutali kumene basi imapita kawiri pa sabata. Ndiye ganizani, ukwati wawo ndi ba Shawn uli mu Ogasiti, nsalu ya diresi anagula kale ku Kamwala.

Madamu anakhuthula mandimu asanu pa tebulo.

"Mwauka bwanji, ba Petros. Nipatseni makiyi."

"Tauka, Madamu, kaya inu. Kiyi uti?"

"Onse atatu."

Ba Petros anagwira pachifuwa. Kumbuyo kwawo kuli kabati yaitali yodzaza khoma lonse, ya zitseko zitatu. Chitseko chilichonse chili ndi loko wake ndi dzina lake la penti yoyera: BAYOLOJE, KEMISITIRI, FIZIKISI.

"Muyamba ndi uti?"

"Siniyamba na uliwonse. Nifuna viseko vonse vitatu vikhale vosegula. Ba insipekita bakalowa, baone na maso yao kuti pano sayansi ni imodzi."

"Sizitheka, Madamu."

"Chifukwa?"

Ba Petros anavala magalasi, n'kuloza kapepala kachikasu kokhomedwa ndi msomali pakhoma. Anawerenga pang'onopang'ono ngati ali kutchalitchi.

"Chitseko chimodzi pa nthawi imodzi. Zotuluka pa chitseko chimodzi zibwerere zonse, ndiye mutsegule china. Wolemba, Kalumba, mkulu wa sayansi."

"Kalumba ni ndani?"

"Abwana anga."

"Bali kuti?"

"Anapuma inu mukadali ku pulaimale. Pano amaweta nkhuku ku Chongwe."

"Manje ine nivutike chifukwa cha munthu wa nkhuku?"

"Anapuma ndi iwowo, Madamu. Kapepala sikanapume."

Madamu anapuma mpweya wautali, ngati mmene amachitira tikalakwitsa funso lophweka.

"Mverani bwino, nikambe kamodzi chabe. Nizatenga mandimu anayi, nizayacheka pang'ono na mpeni, pa thireyi."

"Mpeni ndi thireyi, Bayoloje."

"Mu ndimu iliyonse nizalowetsa kachitsulo ka kopa na ka zinki."

"Kemisitiri."

"Nizalumikiza na mawaya. Kumapeto kababu kang'ono. Kababu kazayaka."

"Fizikisi." Anayang'ana mandimuwo kwa kanthawi. "Kayaka ndi ndimu?"

"Na ndimu."

"Lomweli la pamsika?"

"Yamene iyi."

"Ndiye ife timakhaliranji opanda malaiti sabata yonse, mtengo wa mandimu uli pakhomo?"

"Ba Petros, makiyi."

"Musadandaule, tichita mwadongosolo. Nditsegula Bayoloje, mucheka mandimu, mubweza mpeni, nditseka."

"Ehe."

"Nditsegula Kemisitiri, mulowetsa tizitsulo, ana aona, muzula, mupukuta, mubweza, nditseka."

"Nizule?"

"Kenako nditsegula Fizikisi, mutenga mawaya."

"Niyamange pa chani mawaya, vitsulo vabwerera mu kabati?"

"Pa ndimu."

"Kababu sikangayake."

"Inenso ndimakayika kuyambira poyamba, koma sindinafune kukukhumudwitsani."

Madamu anayang'ana foni. Ine ndinasuzumira wotchi yapakhoma, inali itangodutsa naini koloko.

"Ine ninabadwira ku Mufulira, ba Petros. Batate banga banakumba kopa zaka makumi awiri. Lelo nipemphe kakopa kang'ono monga chala, munimane?"

"Sindikukumanani. Mupatsidwa pa nthawi yake."

"Nanga lamulo iyi inabwera bwanji?"

Ba Petros anakhala pa situlu. Ukaona mdala uja wakhala pansi, dziwa kuti nkhani ndi yaitali.

"Chaka chija madzi analowa m'makalasi, mwana wina anapeza zitseko ziwiri zili zotsegula. Anatenga chule wa m'botolo ku Bayoloje, n'kumumangirira ku batire la ku Fizikisi."

"Chule wakufa?"

"Wakufa zaka zinayi. Koma mwendo unachita chonchi." Anaponya mwendo wawo m'mwamba mpaka nsapato kutsala pang'ono kuvuka.

"Awe. Chule wa mu mankhwala sangaponye mwendo. Osanamiza ine, nili wa Bayoloje."

"Mwina linagwedezeka ndi tebulo. Koma atsikana makumi anayi anatulukira pa windo limodzi. Ndi lomwe lija, mpaka lero galasi palibe."

Ndinabisa mutu msanga, chifukwa onse awiri anayang'ana kumene ndinali.

"Vakale ivo," anatero Madamu. "Manje boma ikuti sayansi ni imodzi. Mwana aziona kuti ndimu, chitsulo na malaiti ni nkhani imodzi. Onani buku." Anawombetsa buku pa tebulo. "Mabuku yangati aya?"

"Limodzi."

"Ndiye?"

"Makiyi angati awa?"

"Atatu."

"Ndiye?"

Ndimu limodzi linagubuduka, ba Petros analigwira lisanagwe, n'kulibwezera pa mzere.

"Madamu, koma ngati vuto lanu ndi waya chabe..."

"Osanichepetsa. Sinifuna waya chabe. Nifuna viseko vitatu vosegula. Ninalemba kale mu pepala ya phunziro, laini yoyamba, na peni yofiira."

"Ndimangofuna kunena kuti..."

"Viseko vitatu, ba Petros."

"Chabwino, Madamu."

Mdala anakhosomola. Apa ndiye ndinaona nkhope ya Madamu ikusintha, mawu n'kufewa ngati a munthu wogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija.

"Atate, chifuwa icho sichabwino. Tengani ndimu imodzi, muike mu tiyi. Ine nifuna zinayi chabe."

"Aa, zikomo kwambiri, mwana wanga." Analandira ndi manja awiri, n'kuika m'thumba la jasi yawo ya khaki. "Mulungu akudalitseni."

Madamu anatambasula dzanja. Ba Petros analiyang'ana, analigwira, n'kuwapatsa moni.

"Nanga makiyi?"

"Makiyi atani?"

"Nakupatsani ndimu."

"La chifuwa. Mwanena nokha."

"Bwezani."

"Chifuwa sichinathe, Madamu."

"Nizakauza ba hedi."

"Ali pa geti kuyambira eyiti koloko. Avala jekete lija la maliro, akuthamangitsa azimayi a zitumbuwa kuti alendo asawaone. Andiuza kuti lero asawasokoneze munthu, pokhapokha sukulu ikapsa."

"Izapsa manje manje."

"Ndowa ya mchenga ili apo."

Madamu anazungulira tebulo kawiri, nsapato zikuchita kho kho kho. Anaima pa kapepala kaja, n'kukayang'anitsitsa ngati akufuna kukadya.

"Kulibe lamulo yamene siisintha. Angasinthe iyi ni ndani?"

"Funso limenelo ndi labwino. Tembenuzani."

Madamu anatembenuza kapepala, n'kuwerenga kuseri kwake.

"Lamuloli lingasinthidwe ndi msonkhano wa aphunzitsi atatu a sayansi, akagwirizana onse." Anatembenuka. "Bamene bathawa?"

"Wa Bayoloje, wa Kemisitiri, wa Fizikisi."

"Natsala neka."

"Ndiye kuti ndinu onse atatu."

"Awe. Ine nili wa Bayoloje. Zaka zitatu ku koleji, mafupa yonse ya munthu niyadziwa na maina. Kemisitiri niyesako. Koma Fizikisi banangonisenzetsa monga thumba ya makala. Osanitchula wa Fizikisi."

"Ndiye mphunzitsi wa Fizikisi palibe."

"Kulibe."

"Ndiye msonkhano palibe."

"Nanga amene aphunzitsa ba Giredi 8 Fizikisi ni ndani?"

"Inenso ndimafuna kufunsa."

"Ni ine."

"Ndiye ndinu mphunzitsi wa Fizikisi."

"Awe."

"Mumaphunzitsa?"

"Niphunzitsa."

"Fizikisi?"

"Fizikisi."

"Koma sindinu mphunzitsi wa Fizikisi."

"Mwamvetsa manje."

"Ndamvetsa. Msonkhano palibe."

Zoti Madamu amadana ndi Fizikisi sizachilendo. Elesi amakhala pafupi nawo, ati ngakhale pulagi ya ayironi ikapsa amadikira ba Shawn. Ndipo ati ku koleji anabwereza pepala limenelo kawiri, koma izo ine sindinazione.

"Imwe ba Petros, mufuna chani kwa ine? Ninakulakwirani?"

"Ayi ndithu. Inu ndi amene mumandipatsa moni pa sukulu yonse ino. N'chifukwa chake ndikuti, ngati mukungofuna kuti kababu kayake, pali..."

"Sinifuna njira za chidule. Mwamva? Nakamba viseko vitatu. Nikakamba chinthu sinibwerera kumbuyo, funsani aliyense ku Mufulira."

"Ndi kutali, Madamu."

Hutala inalira kugeti. Ndinadzuka pang'ono kuti ndione: galimoto yoyera, ba hedi akuthamanga pambali pake ngati kondakitala. Madamu nawonso anaona. Anagwira tebulo ndi manja onse awiri.

"Bafika."

"Afulumira," anatero ba Petros. "Koma ayamba amwa tiyi. Ba hedi agula mabanzi khumi ndi awiri. Muli ndi mphindi makumi awiri, akakhala munthu wodya bwino."

"Ikani masitulu."

"Angati?"

"Atatu. Tichite msonkhano yanu."

Ba Petros anasangalala ngati mwana. Anandandalika masitulu atatu, anawapukuta, anatulutsa pensulo kuseri kwa khutu ndi kope lakale.

"Ine ndikhala mlembi. Yambani."

Madamu anakhala pa situlu yoyamba. "Ine wa Bayoloje nikuti viseko vonse viseguke." Anasunthira pa yachiwiri. "Ine wa Kemisitiri navomera." Anafika pa yachitatu, anaima. Anaiyang'ana ngati pali minga. Kenako anakhala m'mphepete mwenimweni.

"Navomera."

"Wavomera ndani?"

"Ine."

"Inu ndani? Ndiyenera kulemba."

Madamu analankhulira m'mano. "Wa Fizikisi."

"Khutu ili linagontha ndi belu, Madamu."

"Wa Fizikisi! Ine Mwape, mphunzitsi wa Fizikisi, navomera. Mwakondwa?"

"Ndalemba." Anaika kadontho mosamala, kenako nkhope inagwa. "Koma tachita cholakwa."

"Chani futi?"

"Sitinatsegule ndi pemphero."

"Ba Petros."

"Zaka makumi awiri ndi zitatu pa sukulu ino, sindinaone msonkhano wopanda pemphero. Apa tinangocheza."

Madamu anatseka maso. "Ambuye tithandizeni, ameni."

"Ameni. Lalifupi, koma lafika. Msonkhano wayamba tsopano. Wa Bayoloje akuti bwanji?"

Mukanaona. Madamu, ndi siketi yawo yothina ija, kudumpha situlu iyi, kugwera iyo, kugwera inayo. "Viseguke. Navomera. Navomera, wa Fizikisi." Situlu yachitatu inagwa, anaigwira ndi phazi. Ine ndinaluma kolala ya yunifomu kuti kuseka kusatuluke.

"Onse atatu agwirizana," anatero ba Petros akulemba. "Sizichitika kawirikawiri ayi. Kale ankatha maola awiri akukangana za choko."

"Makiyi."

"Kwangotsala chidindo."

"Chidindo cha chani?"

"Cha sukulu. Onani kapepala ka ba Kalumba, kali ndi chidindo pakona. Pepala lopanda chidindo silingachotse pepala la chidindo."

"Chili kuti?"

"Mu ofesi ya ba hedi, pa tebulo. Pomwe ba insipekita akumwera tiyi." Anang'amba tsamba m'kope n'kuwapatsa. "Pitani mukagogode. Mukafotokoze kuti simunakonzekebe, amvetsa."

Madamu sanalandire pepalalo. Anakhala pansi pa situlu ya Fizikisi, yomwe ankaikana ija, manja pa miyendo. Ndikuuzeni zoona, apa kuseka kunandithera.

"Mudziwa kwamene bazanituma, ba Petros? Basi kawiri pa sabata. Foni uzikwera pa chulu kuti igwire. Ba Shawn shopu yao yowotcherera ili ku Matero, sibangainyamule pamutu. Bamai bao bakamba kale ati mkazi wokhala kutali ni mkazi wa pa chithunzi." Anatola ndimu n'kumaligudubuza pa tebulo. "Masabata atatu niyesa iyi nchito kunyumba, na misomali na waya wa wailesi. Ninapsa na chala. Dzulo kanayaka. Ine, wa Bayoloje, ninayatsa babu."

Ba Petros anafufuza m'thumba, n'kuwapatsa dasitala, kansalu kopukutira bolodi. Madamu anapukuta m'maso, nkhope yonse n'kuyera ndi choko.

"Ndikumva chisoni kwambiri, Madamu. Zikanakhala kuti lamulo ndine, ndikanadzisintha."

"Basi. Vasila, nagonja. Segulani Bayoloje chabe."

"Chitseko chimodzi?"

"Chimodzi. Nipatseni mpeni na thireyi. Nizacheka ndimu, nizabaonetsa khungu na njere monga ba Giredi 4. Ba insipekita balembe vamene bafuna."

"Chimodzi palibe vuto. Mukanatero kale."

Anavula chingwe m'khosi, anasankha kiyi, loko anati khethe. Chitseko cha Bayoloje chinatseguka chikulira. Ba Petros anawerama, n'kulowetsa mutu ndi mkono wonse mpaka paphewa.

"Thireyi nayi. Mpeni uli pansi, dikirani ndichotse mawaya awa, akutchinga."

Anatulutsa mtolo wa mawaya ofiira ndi akuda n'kuika pa tebulo. Analowanso.

"Ba Petros."

"Madamu?" Mawu amachokera m'kabati.

"Ivi ni vichani?"

"Mawaya."

"Ya kuti?"

"A Fizikisi. Amakonda kubwera mbali ino, pansi pake mpopendekeka. Gwiraninso kabokosi aka, ndi ka tizitsulo ta Kemisitiri, kakhala pamwamba pa mpeni."

Madamu anadzuka pang'onopang'ono. Anawakankhira ba Petros pambali, n'kulowetsa mutu wawo. Anayang'ana kumanja nthawi yaitali.

"Niona mpaka ku mapeto."

"Inde."

"Kulibe matabwa ya pakati."

"Chiswe, Madamu. Chinayamba ndi thabwa la Kemisitiri, chaka chotsatira chinamaliza la Fizikisi. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Ndinalemba kalata ku ofesi nthawi yomweyo."

"So kabati ni imodzi."

"Kabati ndi imodzi. Zitseko ndiye zitatu."

"Na lamulo yanu?"

Ba Petros analozanso kapepala. "Chitseko chimodzi pa nthawi imodzi. Tatsegula zingati?"

"Chimodzi."

"Zonsezi zatuluka pa chitseko chiti?"

"Ichi."

"Ndiye lamulo lili bwinobwino. Ba Kalumba atabwera pano angandigwire chanza."

"Ola yathunthu, ba Petros. Napemphera, nadumpha masitulu, nalira pa dasitala. Simunaniuze chifukwa chani?"

"Ndinayamba kawiri. Koyamba munati ndisakuchepetseni. Kachiwiri munati ndikafunse ku Mufulira."

Madamu anasuzumiranso m'kabati.

"Kababu kali kuti?"

"Kumapeto kwenikweni. Mkono wanu sufika, pamafunika ndodo ya tsache. Ndimachita tsiku lililonse."

Zimene zinatsatira ndinazionera m'katimo, chifukwa belu litalira kalasi yathu yonse inalowa mu labu, ine n'kulowerera pakati ngati sindinathamangitsidwe. Ba insipekita anali mayi wamfupi wa wigi yaifupi, nyenyeswa za banzi zikadali pa bulauzi. Anakhala kumbuyo ndi faelo yawo. Madamu, choko chikadali pa tsaya, anatigawira ntchito: ena kucheka, ena kulowetsa tizitsulo, ena kulumikiza mawaya. Poyamba kababu sikanayake. Madamu anatembenuza miyendo ya kababu. Kenako kanati ngwee, kofiira ngati diso la khoswe. Kalasi yonse inakuwa, ndipo amene anakuwa kwambiri anali ba Petros.

Ba insipekita analemba, analemba. Potuluka anaima pa chitseko chotsegula chija, n'kusuzumira. Ati masukulu onse amene ayendera chaka chino, sanaonepo ina imene yafika pochotsa matabwa m'kabati kuti zipangizo za sayansi zikhale pamodzi. Ati mwezi wamawa abweretsa aphunzitsi a masukulu ena adzaphunzire kwa Madamu. Atafunsa kuti nzeru imeneyi inali ya ndani, ba Petros anatsegula pakamwa, koma chidendene cha Madamu chinafika msanga pa chala chawo. Ba hedi anangomwetulira ngati matabwawo anazula okha ndi manja.

Anthu onse atatuluka, ine ndinachedwa dala, ati ndikumanga chingwe cha nsapato kunja kwa windo lija.

"Mwandiponda, Madamu."

"Pepani. Munafuna kukamba chani?"

"Zoona. Anafunsa kuti ndani."

"Bakabwera futi, imwe muzingopukuta masitulu."

"Ndiye kuti kutali kuja simupita?"

"Sinipita. Ba hedi banitcha 'Madamu wathu' pamaso pa mlendo. Keke ya ukwati muzadya, ba Petros."

"Zikomo. Tsopano tibweze katundu." Anayamba kulowetsa chimodzichimodzi. "Mawaya. Kababu. Tizitsulo, mwapukuta? Thireyi. Zikhale bwino, chifukwa mawa zonsezi tizitulutsanso."

"Chifukwa?"

"Kalipentala akubwera seveni koloko."

"Kuchita chani?"

"Kubwezera matabwa. Kalata yanga ija aiyankha sabata yatha, atamva kuti kukubwera alendo. Zaka zisanu ndi chimodzi, koma ayankha. Matabwa afika kale, ali kuseri kwa ofesi. Olimba, chiswe sichingayerekeze."

Madamu anaima chilili, mpeni uli m'manja.

"Mwezi wamawa kubwera maticha kuzaona kabati imodzi."

"Adzaona zitatu zatsopano. Zokongola."

"Muuzeni asabwere."

"Sindingathe. Pepala lake lili ndi chidindo."

Madamu anayang'ana kabati, anayang'ana kapepala ka ba Kalumba, anayang'ana mpeni.

"Kalipentala afunika viseko vingati kuti agwire nchito?"

"Zonse zitatu. Thabwa ndi lalitali, sililowa pa chitseko chimodzi. Msonkhano wanu uja watithandiza, ndikangopeza chidindo mawa m'mawa."

"Nionetseni vamene munalemba."

Ba Petros anawapatsa tsamba lija monyadira. Madamu analipinda kanayi n'kuliponya m'chikwama.

"Msonkhano yafafanizika. Wa Fizikisi wasintha maganizo."

"Aa. Koma anavomera kawiri."

"Ni munthu wovuta, namudziwa bwino." Anakulunga mpeni m'kansalu, nawonso n'kulowa m'chikwama, zipi n'kutseka. "Manje werengani lamulo."

"Zotuluka pa chitseko chimodzi zibwerere zonse, ndiye mutsegule china."

"Vabwerera vonse?"

"Mpeni sunabwerere."

"Ndiye mungasegule china?"

Ba Petros anagwira makiyi pachifuwa. Anayang'ana chikwama, anayang'ana kapepala, thukuta likutuluka pamphumi.

"Madamu, chonde. Kamodzi kokha. Munthuyo akuchokera kutali ku Garden ndi zida zake, ndadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Mubweza liti mpeniwo?"

Madamu anakoleka chikwama paphewa, anawongola kapepala kachikasu pa msomali wake, n'kukapukuta fumbi ndi chala.

"Nikapuma pa nchito, ba Petros. Nimva chisoni maningi, koma kapepala sikanapume."